Phazi pa Tcheni

Jolana anandiimbira Lachisanu masana, ine ndili m'khitchini kuyang'anizana ndi kapu ya tiyi yomwe inali itazizira kalekale. Mnzangayu sadziwa kupereka moni pa foni. Amangoyambira pakati pa nkhani ngati munali naye limodzi kuyambira m'mawa.

"Longedza tizovala. Mawa m'mamawa ndikudzakutenga, tikupita kwathu ku Orava."

"Kwanu kukatani?"

"Kukatani? Mawa ndi tsiku lanji, iwe? Ukufuna udye mgonero wa Khirisimasi wekhawekha ndi wailesi? Kamil sabwera, unandiuza wekha."

Kamil ndi mwana wanga, yekhayo, ndipo chaka chimenecho anatsalira ku Scotland komwe amagwira ntchito. Ndinafuna kukana. Ndinali nditakonza kale zoti masiku a chikondwererowo ndidzitsekere m'nyumba, ndizichita mantha bwinobwino popanda wondisokoneza. Sabata yapitayo adokotala anali atadula kachidutswa ka chotupa chomwe ndinachipeza m'bere langa lakumanzere, n'kundiuza kuti ndikamve zotsatira Lachiwiri, maholide akatha. Sindinauze munthu, ngakhale Kamil, ngakhale Jolana amene tinadziwana tili atsikana. Ndinkaona ngati ndikangowatchula dzina matendawo ndiye kuti ndawaitana. Ndikutitu ine, Otília, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Nitra, amene ndimaseka ana a eni akabwera ndi tizithumwa tsiku la mayeso.

"Ndili ndi chimfine," ndinanama.

"Ukachirira komweko. Amayi aviika kale bowa. Supu wa kabichi uja umandipempha chaka ndi chaka kuti ndikubweretsere m'botolo, ulendo uno ukamudya wa pamoto."

Ndinayang'ana khitchini yanga. Munali zii, kupatula firiji yomwe inkangong'ung'udza pakona. Ndinaganiza za masiku onse otsala kuti Lachiwiri lifike, ine ndi dzanja langa lomwe linkangothamangira pansi pa juzi kukagwira pamene panali bandeji. Ndinavomera.

M'mawa mwake Jolana anafika ndi kagalimoto kake kofiira kaja, kamene kamatenthetsa mbali ya dalaivala yokha. Ndisanakhale n'komwe bwino, anandisenzetsa ndowa yodzaza madzi pamiyendo.

"Landira mwana. Kumbuyo kwadzaza, ndipo akagubuduka tathera pomwepo."

Mundowamo munali kapor, nsomba ya Khirisimasi, yonenepa ngati ntchafu ya munthu, yamoyo. Amayi ake a Jolana salola nsomba yomwe sanaione ikupuma.

"Wakhala m'bafa mwanga chigulireni," anatero Jolana akuliza galimoto. "Ine osasamba chifukwa cha bwana ameneyu. Ukamva kafungo usayang'ane nsomba."

Ndinaseka pang'ono chabe. Njira yonse ndinali chiweramire kuyang'ana mundowa. Nsombayo inkangotsegula ndi kutseka kamwa, diso lili pa ine. Nayonso inali ndi Lachiwiri lake, kungoti lake linali tsiku lomwelo. Galimoto ikadumpha, madzi ozizira ankandikhavukira pamaondo, ndipo lamba wa pampando ankadutsa ndendende pamene panali bala. Ndinamugwira lambayo ndi chala kuti asandikhudze. Jolana ataona anafunsa ngati ndanenepa, ine ndinamuuza kuti aziyang'ana msewu.

Titangolowa m'mapiri, chipale chofewa chinayamba kugwa. Poyamba kunali kosangalatsa, kenaka kunja konse kunangoti mbee, msewu ndi munda osasiyana. Kutsogolo kwathu lole ina inali itatsetsereka n'kupingasa njira, ndipo magalimoto anandandalikana mpaka kuseri kwa phiri. Tinaima pamenepo nthawi yaitali zedi. Jolana ankangoyang'ana kumwamba n'kumaguguda chiwongolero, chifukwa mgonero umayamba nyenyezi yoyamba ikaoneka, ndipo nsomba ya mgonerowo inali ikadasambira pamiyendo panga.

M'mbali mwa msewu munali kanyumba ka matabwa momwe mayi wina wovala zikhoto ziwiri ankagulitsa zingwe za tchizi zofukizidwa ndi utsi, zolukidwa ngati tsitsi la mwana wasukulu. Jolana anatsika, nabwera nazo zodzaza pepala pamodzi ndi tiyi wotentha wa uchi.

"Lero si tsiku losala kudya?" ndinamufunsa.

"Ndi losala kwa amene ali pafupi ndi amayi. Idya, ndipo ukapukute pakamwa tisanafike."

Tinadya ngati akuba, magalasi a galimoto atachita nthunzi. Tchizicho chinali cha mchere, chotamuka, chonunkhira utsi wa nkhuni, ndipo kwa kanthawi ndithu ndinaiwala kuti ndili ndi bere. Ndiye Jolana anameza, nati, "Oti, pali kanthu sindinakuuze."

Ndinasiya kutafuna. Ndinati basi, wadziwa, wina wandiona kuchipatala.

"Chaka chino tatsala atatu," anatero. "Amayi, Dežo ndi ine. Amayi akuti pa tebulo la lero sangakhale anthu atatu. Akuti mpaka pakhale anayi, awiriawiri, apo ayi wina atsatira bambo. Akhala akulira sabata yonse."

Dežo ndi mchimwene wake, mbeta yachimuna ya imvi kale, yogwira ntchito yodula mitengo m'nkhalango. Bambo awo, a Imrich, anali atamwalira chaka chomwecho nyengo ya Pasaka.

"Ndiye wanditenga kuti ndikakwanitse nambala?" ndinatero, mantha aja atasanduka mkwiyo. "Ngati mpando?"

"Mpando ulipo, mayi. Chikusowa ndi matako."

"Chitsiru."

"Chitsiru chomwe chikukupititsa kokadya. Koma tamvera, zinazi si zoseka. Ukakhala pansi, wakhala. Osadzuka mpaka tonse tidzukire pamodzi. Upite kuchimbudzi tisanayambe." Anatsitsa mawu ngakhale tinalimo awiri ndi nsomba. "Chaka chatha bambo ndiwo anadzuka. Anaiwala magalasi pawindo, ndiye amati sakuona minga ya nsomba. Amayi anakuwa, iwo n'kungoseka, akuti Vilma, masitepe awiri okha. Pasaka sanamuone kutha."

Mwambowo ndinkaudziwa, ndani saudziwa. Woyamba kudzuka pa tebulo la mgonero wa Khirisimasi saona Khirisimasi ina. Kwathu m'tauni tinausiya agogo atamwalira. Koma tsiku limenelo mawuwo anandilowa ngati madzi a mundowa aja, ndipo monga amachitira munthu wamantha, ndinayamba kulankhula mokweza.

"Bambo ako anafa ndi mtima, Jola. Mtima, mafuta a nkhumba ndi fodya. Osati magalasi."

"Ukawauze amayi zimenezo."

"Ndikawauza! Ine nditha kudzuka, kukhala, kudzukanso, kuvina kuzungulira tebulo lonselo, chaka chamawa n'kudzabweranso kudzamwa supu."

"Eee, a sayansi," anatero Jolana akuseka. Magalimoto anayamba kusuntha, ndipo ine ndinabwezera maso mundowa.

Tinafika kukuyamba kuchita kachisisira. Amayi ake a Jolana, omwe ndimawatchula kuti Teta Vilma, kutanthauza azakhali, chiyambire utsikana wanga, anali pakhomo ndi mpango wakuda kumutu, manja m'chiuno. Ndi mayi wamfupi, wa maondo otupa, woyenda mogwira makoma, koma mawu awo amafika kutsidya kwa mtsinje.

"Mumafuna ndikazinge chiyani, nsapato? Dežo! Tenga nsombayi! Otilka, mwana wanga, lowa, wawonda bwanji? Kumeneko sakupatsani chakudya?"

Anandigwira masaya ndi manja a ufa, nandiyang'ana nthawi yotalikirapo kuposa momwe ndinkafunira. Dežo anandilanda ndowa, napita nayo kuseri kwa nyumba. Ndili m'kati movula nsapato ndinamva kugunda kumodzi kwa chibonga pa thabwa. Ndinakhala pansi pomwepo pakhonde, nsapato imodzi ili m'manja, mpaka Jolana anandikankha ndi bondo kuti ndipatuke.

M'khitchini munali chipwirikiti. Teta Vilma ankaviika zidutswa za nsomba mu ufa, m'mazira ndi m'nyenyeswa za buledi, n'kumaziponya m'chiwaya pa chitofu cha nkhuni, kwinaku akutukwana lole, chipale ndi mwana wawo wamkazi amene sanasungepo nthawi chibadwire. Jolana ankanyamula mbale kupita nazo m'chipinda chachikulu, popeza chilichonse chodyedwa chimayenera kukhala pa tebulo anthu asanakhale. Dežo ankatenthetsa kachasu wa zipatso za maplamu ndi uchi m'kapoto, akulawa pafupipafupi kuti aone ngati wapsa.

"Dežo, ukudziwa zomwe amanena aphunzitsiwa m'galimoto?" anatero Jolana akudutsa ndi mbale ya mbatata. "Akuti iwowa atha kudzuka n'kuvina kuzungulira tebulo."

"Jola!" ndinamudzudzula.

"Asiyeni ophunzira," anatero Dežo akundipatsa kagalasi. "Imwani, aphunzitsi, muone ngati izinso n'zabodza."

Teta Vilma sanaseke. Anangotembenuza nsomba m'chiwaya, milomo ikuyenda.

Chipale chinali chitaleka. Dežo anasuzumira pawindo, napukuta nthunzi ndi chigongono, n'kukuwa kuti nyenyezi yatuluka pamwamba pa tchalitchi. Zitatero aliyense anathamanga. Teta Vilma ananyamula mbale yaikulu ya nsomba zomwe zinali zitapsa, nauza Dežo kuti aphule chiwaya chomaliza, momwe munali zidutswa zapakati, zonona zija. Dežo anati eya, manja onse ali ndi kapoto kake ndi magalasi. Ine ndinathamangira kuchimbudzi monga ndinalangizidwira, ndipo ndili komweko ndinagwiranso pabandeji, ngati kuti chotupacho chikanasintha maganizo panjira.

Tebulo linali litakankhidwira pakona. Dežo analowa pa benchi ya kukhoma, mlongo wake n'kumutsekera, amayi awo kumutu kwa tebulo. Kwa ine kunatsala mpando umodzi, wa mikono, woyandikana ndi chitseko cha kukhitchini. Sindinafunikire kuuzidwa kuti unali wa ndani. Pamkono wake wakumanja panali popsa ndi ndudu.

Pansi, miyendo inayi ya tebulo inali itazengedwa ndi tcheni chachitsulo chokokera mitengo, kuti banja lisabalalike. Ndinamva chikulira pamene atatuwo ankaikapo mapazi. Ine ndinapinda miyendo yanga pansi pa mpando. Tchenicho ndi cha eni nyumba, ndipo ine ndinabwera kudzakwanitsa nambala.

Teta Vilma anapemphera, natchula a Imrich. Kenaka anaviika chala mu uchi n'kutilemba kamtanda pachipumi mmodzimmodzi, Dežo akudandaula kuti chaka chilichonse amamulemba kuti akazi amukonde koma zimangomukonda ndi ntchentche. Tinadya timikate topyapyala topaka uchi ndi adyo. Kenaka supu.

Supu ameneyo ndimulemekeze. Anali wowawasa, wofiirira, wa bowa wa m'nkhalango ya Dežo ndi maplamu ouma amene ankasungunuka palilime. Anatsika mpaka m'maondo mozizira muja. Ndinamaliza mbale, Teta Vilma n'kundiwonjezera osandifunsa, ndipo ndinadzimva ndikuseka nkhani ya Dežo ya chimbalangondo chomwe chinamubera chakudya cha masana. Ndinaganiza kuti mwina ndikhoza kufika Lachiwiri ndili munthu. Tinayamba nsomba, aliyense ali chete kusankha minga.

Woyamba kununkhiza anali Jolana. Anakweza mphuno, nayang'ana ine, kenaka chitseko kumbuyo kwanga.

"Chikupserera n'chiyani?"

Teta Vilma anaika foloko pansi. Anayang'ana pa tebulo, mbale ndi mbale, kenaka anatembenukira kwa mwana wawo wamwamuna.

"Dežo. Chiwaya."

Dežo anatsegula pakamwa ngati nsomba ija. "Ndimayesa Jola watenga."

"Ndinauza Jola kapena iwe? Mutu ngati chitsa! Zidutswa zapakati zonse!"

Kautsi kopyapyala kanali katayamba kulowa pamwamba pa chitseko. Chitofu cha nkhuni sichizima ndi batani, ndipo kuchokera pomwe tinakhala panalibe dzanja lomwe likanafika.

"Ndipita ine," anatero Teta Vilma, akugwira m'mphepete mwa tebulo. "Ndakalamba kale, Imrich akundidikira."

Jolana anawagwira mkono ndi manja awiri. "Mukangoyerekeza, amayi! Khalani pansi. Ndipita ine."

"Iwe? Ndikuike m'manda ine? Ukadzuka ndikumenya ndi chikombe ichi, ngakhale uli ndi imvi."

Anagwirana choncho, wina kukanikiza mnzake pampando. Dežo anayesa kusuntha, koma anali atapanikizika pakati pa khoma, tebulo ndi mlongo wake, ndipo amayi ake anamuloza ndi chikombe chija kuti asayese. Fungo linakula. Ndiye nkhope ya Dežo inawala ngati watola nzeru.

"Koma abale, tikuvutikiranji? Aphunzitsi ali pakhomo pomwepo. Iwo sakhulupirira, ndiponso si a m'banja muno, sizingawagwire. Aphunzitsi, tathamangani, muvine pobwera."

"Zoona, Oti," anatero Jolana, asanawasiye amayi ake. "Tangopita, chonde. Ungochikokera pambali."

Sananene molakwa. Ndinali nditadzitama ndekha, chitseko chinali kumbuyo kwangaku, ndipo ndikanangotambasula miyendo nkhani ikanatha. Ndinauza miyendo yanga kuti idzuke. Inakana. Manja anga anagwira mikono ya mpando wa a Imrich, chala changa chili pa popsa ndi ndudu paja. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti chotupa sichimva za mipando. Zomwe zinali m'kabotolo ku chipatala zinali zitalembedwa kale, kaya ndidzuke kaya ndikhale. Zonsezo ndinkazidziwa, ndipo ndinali ndi mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

"Oti?" anatero Jolana. "Iwe, nsomba ikupsa!"

"Sindingathe."

"Wati chiyani?"

"Sindingathe, Jola. Sindidzuka."

Dežo anaseka. "Aaa, sayansi yathera pa supu?"

"Ndili ndi chotupa m'bere," ndinatero. Mawuwo anatuluka okha, aang'ono, ngati a mwana. "Anadula kachidutswa kukapima. Ndikamva Lachiwiri ngati ndi khansa. Ndiye sindidzuka woyamba, pepani. Ndikudziwa kuti n'zopusa. Pepani, Teta, nsomba yanu."

Kukhitchini mafuta ankathetheka. Dežo anayang'ana m'mbale mwake, makutu atafiira. Jolana anasiya mkono wa amayi ake pang'onopang'ono, nandiyang'ana ndi maso amene sindinawafune, amene ndinawathawa sabata yonse.

"Lamba uja," anatero. "M'galimoto. Ine n'kumati wanenepa." Kenaka mawu anakwera. "Tsiku lonse wakhala pambali panga, ukudya tchizi changa, osanena? Ndine ndani ine kwa iwe, dalaivala?"

"Jolana, tseka pakamwa," anatero Teta Vilma.

"Koma amayi, nsomba..." anayamba Dežo.

"Ipse."

"Nyumba ikapsa?"

"Sipsa. Sindinawonjezere nkhuni, motowo ukufa wokha. Ipse nsombayo, ikhale makala. Pano sadzuka munthu." Anapendekeka movutikira, nakweza nsalu ya pa tebulo, n'kusuzumira pansi. "Otilka, mapazi ako ali kuti?"

"Ali pansi pa mpando, Teta."

"Akutani kumeneko? Ika pa tcheni."

"Koma ine si..."

"Wadya uchi wanga, wakhala pampando wa mwamuna wanga. Ika phazi pa tcheni, usandiyankhe."

Ndinatambasula mwendo. Chitsulocho chinali chozizira ngakhale ndinavala masokosi a ubweya, ndipo nthawi yomweyo phazi lina linagwera pamwamba pa langa n'kulikanikiza. Linali la Jolana. Sanandiyang'ane, anali akupukuta mphuno ndi kumbuyo kwa dzanja, koma phazilo sanalichotse.

Ndinkayesa kuti tidzuka pomwepo tonse pamodzi, koma Teta Vilma sadumpha mwambo ngakhale denga litagwa. Mgonero unali usanathe. Anatigawira tizidutswa ta buledi tonyikidwa mumkaka wa uchi, towazidwa njere zakuda za maluwa a popi, ndipo tinadya utsi uli tolo pamwamba pa mitu yathu. Tinkatsokomola, maso akutuluka misozi, moti panalibe wodziwa kuti akulira ndani ndipo watsamwa ndani. Dežo anandisunthira kagalasi kake.

"Azakhali anu a Irma anali nacho chotere," anatero Teta Vilma akutafuna. "Anachichotsa. Anakhala mpaka kutopetsa aliyense."

"Amayi, cha a Irma chinali pakhosi," anatero Jolana.

"Chotupa ndi chotupa. Idya."

Sizinandilimbitse mtima ngakhale pang'ono, ndinene zoona. Lachiwiri linali likadali pomwe linali. Koma chakudyacho chinkatsika, ndipo dzanja langa linali pa supuni, osati pansi pa juzi.

Pomaliza anatenga chipatso cha apozi, chofiira, chopukutidwa mpaka kunyezimira. Chimadulidwa zidutswa zofanana ndi anthu a m'nyumba, kuti wina akasochera akumbukire omwe anadya nawo n'kupeza njira yobwerera. Anachidula pakati, nadulanso, n'kundipatsa ine choyamba. Chinkamveka utsi.

"Tsopano tamverani," anatero, akutsokomola. "Ndipemphera. Ndikati amen, tonse pamodzi. Osati wina patsogolo, osati wina pambuyo. Pang'onopang'ono, maondo angawa si a mtsikana. Dežo, wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Jolana?"

"Ndamva."

Tinagwirana manja. Dzanja la Teta Vilma linali louma ndi lofunda, la Jolana lonyowa. Ndinkaopa kuti ndifulumira, kuti miyendo yomwe inakana ija tsopano idumpha yokha nthawi isanakwane. Ndinatseka maso, ndikumvetsera liwu lililonse la pempherolo, ndikudikira amen.

Amen sanafike. Pemphero lili pakati, tcheni chinalira, benchi inakhuluka, mbale zinagundana, ndipo manja onse awiri amene ndinawagwira anandikokera m'mwamba n'kundisiya. Nditatsegula maso, onse atatu anali chiimire. Dežo anali atawerama, akugwira bondo lomwe anagunditsa ku tebulo, supu wotsala atatayikira pa nsalu. Jolana anali ataimirira, dzanja lake lili paphewa langa kundikanikizira pansi. Teta Vilma, a maondo otupa aja, anali njo, akupuma mofulumira, atagwira khoma.

Anayang'anana.

"Ndinati pa amen!" anakalipa Teta Vilma.

"Nanga inuyo mwadzukiranji?" anatero Jolana.

"Ine ndine mwini nyumba. Ndipo ndayamba ndine, nonse mwaona."

"Bodza, amayi. Inu mumadzuka ngati ng'ombe, kumbuyo kaye. Ndayamba ndine."

"Nonse mukunama," anatero Dežo akutsimphina kutuluka pa benchi. "Funsani tebuloli. Bondo langa lafika poyamba."

"Bondo si munthu!"

Anapita kukhitchini akukanganabe. Ndinamva zenera likutsegulidwa, chitseko chakunja chikumenyetsedwa, kenaka chiwaya chikulira mu chipale pabwalo. Mphepo yozizira inalowa n'kuyamba kukankha utsi. Teta Vilma ankalirira zidutswa zawo zapakati, kwinaku akuumirira kuti anayamba ndi iwo, ndipo aliyense wotsutsa sadya keke.

Jolana anasuzumira pachitseko, maso ali psuu, chopukutira mbale chili paphewa.

"Lachiwiri nthawi yanji?"

"M'mawa."

"Ndidzakutenga. Ukadzayerekeza kupita wekha, ndidzakupha ndisanamve n'komwe zotsatirazo." Anabwerera kukhitchini, ndipo ndinamumva akukuwa, "Amayi, ndati ndayamba ndine, nkhani yatha!"

Ine ndinali ndikadali pampando wa a Imrich, chidutswa cha apozi m'manja, phazi pa tcheni. Palibe anandiuza kuti ndidzuke.